Mankhwala a BP akatha kuchipatala, agogo awayankhulire ndani?

Agogo anga amasunga kabuku kawo ka kuchipatala m'jumbo ya shuga, pansi pa mtsamiro. Sadziwa kuwerenga, koma m'kabukumo muli zilembo ziwiri zomwe adafika pozizindikira ngati momwe amazindikirira tsamba la fodya lomwe lakhwima. Zilembozo ndi O/S, chidule cha mawu a Chingerezi omwe adokotala amalemba posonyeza kuti mankhwala omwe alembera wodwala atha.

Nditasanthula masamba a chaka cha 2023 chokha, zilembozo ndidazipeza malo asanu, ndipo malo onsewo zidali pambali pa dzina la mankhwala a BP.

"Ndikangoona walemba timizere take tija, ndimadziwa kuti ndayenda ulendo wachabe," adandiuza agogowo tili pakhonde. "Amati, 'Gogo, mukagule ku famase.' Nanga iwe mwanawe, ku famaseko amalandira nkhuku?"

Agogo ali ndi zaka 74. Adalima fodya wa bale zaka zoposa 30 m'mudzi wina kummawa kwa tauni ya Kasungu. Ana asanu ndi mmodzi adaphunzira ndi ndalama ya fodyayo. Lero mphamvu zokwera m'chigafa zidatha, ndipo chatsala ndi nthenda yomwe imafuna kumwa piritsi tsiku lililonse mpaka moyo wonse.

Mankhwala oyendera nyengo ya fodya

Aliyense wokulira ku Kasungu amadziwa kuti ndalama kuno imabwera kamodzi pachaka. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu April, mabelo akayamba kutuluka, m'midzi mumamveka fungo la nyama yootcha ndipo malata atsopano amawala padenga. Pofika December ndalama ija imakhala italowa ku feteleza ndi fizi. January ndi February ndi miyezi yomwe anthu amawerenga zitini za chimanga.

Mankhwala a agogo nawo adayamba kuyendera kalendala yomweyo. Kuchipatala akatha m'miyezi ya okushoni, amalume ankakagula kutauni. Akatha m'miyezi ya njala, padalibe wogula. Ndalama ya kabaza yokha, kupita ndi kubwera, inkaposa mtengo wa mapiritsi a mwezi wathunthu.

Apa agogo adapeza nzeru zawozawo. Adayamba kuswa piritsi pakati kuti achedwe kutha. Kenako adayamba kumwa pokhapokha mutu ukawapweteka. Maondo akavuta, ankatuma mwana kukagula indosidi kwa mnyamata wina yemwe amayala mankhwala pansi tsiku la msika.

Mmawa wina mu February 2024 adadzuka pakamwa patapindikira mbali imodzi, mkono wamanja uli lende, mawu osamveka. Kuchipatala adati ndi sitiroko, ndipo BP yawo idali itakwera kwambiri. Kumudzi ena adayamba kunong'ona kuti alodzedwa, ena n'kumati zawo zomwe zawabwerera. Mwamwayi adachira, koma mpaka lero dzanja lamanja siligwira khasu kapena mthiko.

Sadawerengedwe n'komwe

Nkhani ya agogo anga si yachilendo. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organisation (WHO) mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga.

Taonaninso zaka zija: 25 mpaka 64. Kafukufuku wotsatira wa mtundu womwewo, yemwe adachitika mu 2017, adalekezera pa zaka 69. Anthu a zaka 70 kupita mtsogolo, omwe BP imawakonda kuposa wina aliyense, sadali m'gulu la ofunsidwa. Boma likamawerengera kuchuluka kwa mankhwala oti ligule limadalira ziwerengero, ndipo munthu yemwe sadawerengedwe ndi wosavuta kumuiwala.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti dziko lino lidali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi asanu mwa 100 alionse adali a zaka 60 kapena kuposa. Boma la Kasungu lokha lidali ndi anthu oposa 840 000, kotero okalamba m'bomali alipo zikwi zambirimbiri.

Pakati pawo pali gulu lina lomwe mavuto ake ndi owirikiza. Maesiteti a fodya atachuluka m'zaka za m'ma 1970, anthu ambiri adachoka m'maboma a kummwera monga Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kudzakhala matenanti kuno. Ena adakalambira m'maesiteti momwemo, opanda munda wawo, opanda penshoni, kwawo atakuiwala. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021, koma lamulolo lidapeza ambiri misana itapindika kale. Munthu wotere akauzidwa kuti akagule mankhwala ku famase, ndi chimodzimodzi kumuuza kuti azipita kunyumba akadikire.

Piritsi limayenda bwanji?

Kuti piritsi lifike m'manja mwa agogo limadutsa m'manja ambiri, ndipo ndi bwino owerenga adziwe manja amenewa chifukwa wodandaula ayenera kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Poyamba pali mndandanda wa mankhwala ofunikira. Ganizo loti dziko likhale ndi mndandanda wotere lidachokera ku WHO, yomwe idatulutsa mndandanda wake woyamba mu 1977. Kuno kwathu unduna wa zaumoyo uli ndi buku lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, lomwe limanena mankhwala oyenera nthenda iliyonse komanso mlingo wa chipatala chomwe chiyenera kukhala nawo. Mankhwala a BP monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, komanso a shuga monga metformin ndi insulin, ali m'bukuli. Palinso ndondomeko ya dziko ya mankhwala ya mu 2015, yomwe cholinga chake ndi choti Mmalawi aliyense azipeza mankhwala abwino, osaopsa komanso pamtengo woti angakwanitse.

Kachiwiri pali bungwe la Central Medical Stores Trust, lomwe limagula mankhwala ndi kuwagawa m'zipatala za boma. Mankhwala ambiri amachokera kunja, makamaka ku India, kotero amafuna ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomwe idaikidwa padera kuti igule mankhwala idayamba kugula ochepa, ndipo m'mafamase mitengo idakwera.

Kachitatu pali bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala, kuyeza ubwino wake komanso kupereka ziphaso kwa ogulitsa.

Ndiye pali dzenje lomwe lakhala likumeza mankhwala panjira, lomwe ndi umbava. Vutoli lidakula mpaka mu 2016 unduna wa zaumoyo udakhazikitsa nthambi yapadera yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Piritsi lomwe gogo walisowa pawindo la chipatala nthawi zina amakalipeza pa okala, n'kuligula ndi ndalama pamene boma lidaligula kale ndi msonkho wake.

Mabuku ndi ndondomeko zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo zimakambidwa m'misonkhano ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu. Ndidafunsa agogo ngati adamvapo kuti mankhwala awo ali pamndandanda wa omwe boma lidalonjeza kupereka ulere. Adaseka.

"Ife timangothokoza akatipatsa. Ungakakamize munthu wokupatsa zaulere?"

Wodwala nayenso ndi wogula

Maganizo a agogowa ndi omwe mabungwe oyankhulira ogula akhala akulimbana nawo. Mankhwala a m'chipatala cha boma si mphatso ya adokotala. Amagulidwa ndi msonkho, ndipo msonkho amapereka ndi aliyense wogula sopo kapena mayunitsi, kuphatikizapo mlimi yemwe amadulidwa ndalama pabelo lililonse ku okushoni. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kuyesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo, komanso kulemekeza ndi kuthandiza okalamba.

Bungwe la Consumers Association of Malawi (Cama), lomwe lidayamba mu 1994 ndipo kwa zaka zambiri lakhala likutsogoleredwa ndi John Kapito, ndi lomwe lidaphunzitsa Amalawi ambiri kuti wogula ali ndi ufulu. Lamulo loteteza ogula lidabwera mu 2003, ngakhale khonsolo yomwe lamulolo lidati ikhalepo idatha zaka zambiri osakhazikitsidwa, moti madandaulo a ogula akhala akupita ku Competition and Fair Trading Commission. Pankhani ya zaumoyo pali Malawi Health Equity Network (Mhen), yomwe imalondoloza bajeti ya zaumoyo ndi kusowa kwa mankhwala, ndipo mkulu wake George Jobe amamveka kawirikawiri pawailesi. Okalamba ali ndi Malawi Network of Older Persons' Organisations (Manepo), motsogozedwa ndi Andrew Kavala, yomwe idamenyera ndondomeko ya okalamba ya mu 2016 komanso lamulo la okalamba lomwe aphungu adavomereza mu 2024.

Mabungwe onsewa agwira ntchito yotamandika, koma aliyense ali ndi katundu wake. Cama imatanganidwa ndi mitengo ya mafuta, magetsi ndi shuga wa mu tiyi. Manepo imathera mphamvu zambiri pa nkhanza zomwe okalamba amakumana nazo powanamizira ufiti, nkhani yomwe yachotsa miyoyo ya anthu ambiri osalakwa. Nkhani ya piritsi la BP la gogo wa ku Chamama, Santhe kapena Chulu imagwera pakati, ndipo gogoyo alibe foni ya intaneti yoti n'kudandaulirapo pa Facebook.

Maiko ena adapeza njira. Ku Australia odwala ndi ogula adakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Consumers Health Forum mu 1987, ndipo ndondomeko ya mankhwala ya dzikolo, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2000, imawatenga ogula ngati eni nkhani limodzi ndi boma, madokotala ndi makampani. Woimira ogula amakhala nawo m'komiti yomwe imalangiza boma za mankhwala oti lizilipirira.

Phunziro la ma ARV

Koma sitikufunika kupita kutali kuti tione mphamvu ya odwala akayankhula ndi mawu amodzi. Bungwe la Napham, la anthu omwe ali ndi HIV, lidayamba mu 1993 pomwe kutchula nthendayo kudali kovuta. Ku South Africa gulu la Treatment Action Campaign, lomwe lidayamba mu 1998, lidathandiza kuti makampani 39 opanga mankhwala asiye mlandu womwe adasumira boma la dzikolo pankhani ya mankhwala otsika mtengo. Izi zidachitika mu April 2001. Kuno kwathu ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004.

Nkhani sidathere pomwepo. Mankhwala oyambirira adali ndi stavudine, yemwe ankasintha maonekedwe a thupi ndi kuchititsa dzanzi m'miyendo. Mu 2012 amayi omwe ankamwa mankhwalawa adasonkhana, adaonetsa matupi awo kwa akuluakulu a boma, n'kunena kuti akufuna mankhwala abwino. Mu 2013 dziko lino lidayamba kusamutsa odwala onse kupita ku mankhwala okhala ndi tenofovir. Amayi wamba, ambiri a kumudzi, adathandiza kusintha ndondomeko ya mankhwala ya dziko.

N'zoona kuti ma ARV akhala akudalira ndalama za Global Fund ndi boma la America, zomwe BP ndi shuga zilibe, ndipo kuimitsidwa kwa thandizo la America mu January 2025 kudaonetsa kuopsa kodalira mnansi. Komabe zina zomwe odwala HIV adapindula sizifuna ndalama zambiri. Yemwe akumwa bwino ma ARV amatha kulandira a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, ali ndi magulu olimbikitsana m'midzi, ndipo akapanda kubwera amalondoledwa. Ku Neno, unduna wa zaumoyo ndi bungwe la Partners In Health adayamba mu 2015 kuona odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu m'kiliniki imodzi, ndi kaundula mmodzi. Zidatheka ku Neno, boma la mapiri ndi misewu yovuta. Chingalepheretse n'chiyani ku Kasungu kopanda zitunda?

Msampha wa pamsika

Pomwe tikudikira kuti ndondomeko zisinthe, mabanja ayenera kudziwa zinthu zingapo zomwe ife tidazidziwa mochedwa.

BP kawirikawiri siipweteka. Munthu atha kukhala ndi BP yoposa 140 pa 90 kwa zaka osamva kanthu, uku ikuwononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo. N'chifukwa chake mankhwala ake samwedwa ngati panado. Kuswa piritsi popanda uphungu wa achipatala, kapena kudikira mutu upweteke, ndi kuitana sitiroko.

Mankhwala opha ululu monga indosidi, bufeni ndi diclofenac, omwe okalamba ambiri amadalira pa nyamakazi, amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Ena ogulitsa pamsika amaphatikizako prednisolone kapena dexamethasone. Ululu umathadi msanga, koma mankhwalawa amakweza shuga ndi BP komanso amafooketsa mafupa.

Kwa odwala shuga, WHO imati glibenclamide si woyenera anthu opitirira zaka 60 chifukwa amatha kutsitsa shuga mopitirira muyeso, makamaka munthu akamwa osadya. M'miyezi ya njala, pomwe gogo amadya kamodzi patsiku, ngoziyi imakula. Ngati agogo anu akumwa mankhwalawa, musawasiyitse nokha, koma kafunseni achipatala ngati pali ena owayenera.

Mankhwala a BP nawo ali ndi zovuta zake. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, choncho ndi bwino kumwa mmawa. Amlodipine amatha kutupitsa mapazi, ndipo enalapril amatha kuyambitsa chifuwa chouma. Okalamba ambiri amangosiya kumwa mwakachetechete zikatere, pomwe akadanena adokotala akadawasinthira ena. Safunsa adadya phula.

Palinso mankhwala achinyengo. Mu 2017 WHO idati mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene amakhala osafika muyeso kapena abodza. Piritsi loyalidwa padzuwa, lopanda paketi, simungadziwe dzina lake lenileni kapena tsiku lomwe mphamvu yake idatha. Mukamagula, gulani pamalo omwe apachika chiphaso cha PMRA, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo tengani lisiti.

Makomo oti n'kugogoda alipo

Agogo atatuluka m'chipatala, banja lathu lidakhala pansi. Adzukulu anayi tidagwirizana kuti aliyense azitumiza ndalama ya mankhwala pafoni kwa miyezi itatu, ndipo amalume adalonjeza kuti fodya akagulitsidwa, ndalama ya mankhwala a January ndi February izichotsedwa isadalowe kwina. Ankolo ena adagula makina oyezera BP omwe tsopano amayeza nawo okalamba onse a mumpingo mapemphero akatha. Mchere wa m'ndiwo tidachepetsa, poti WHO imati munthu asapitirire magalamu asanu patsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi.

Koma si gogo aliyense ali ndi adzukulu apantchito, ndipo kugula tokha sikuthetsa vuto la O/S. Apa ndi pomwe mudzi uyenera kulowererapo.

Zipatala zazing'ono za boma zimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, yomwe ina mwa ntchito zake ndi kuchitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto ndi kusayinira. Kodi m'komiti ya kwanuko muli munthu wokalamba? Kodi akamawerenga makatoni amafunsa za mankhwala a BP ndi shuga, kapena amangoyang'ana a malungo? Kuyambira mu 2018 zipatala zidayambanso kukhala ndi ofesi yolandira madandaulo a odwala, yomwe imagwira ntchito mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman. Makhansala, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, mafumu ndi aphungu nawo ndi makomo.

Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Chomwe chili ndi mphamvu ndi umboni, ndipo umboniwo uli kale m'timabuku ta kuchipatala. Gulu la amayi a mumpingo kapena kalabu ya alimi a fodya itasonkhanitsa timabuku 50 ta okalamba, n'kulemba papepala tsiku, dzina la mankhwala ndi kangati adalembedwa O/S, ndiye kuti ili ndi chinthu choti n'kutula kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, kwa phungu, ku Mhen, ku Manepo kapena ku Cama. Zopempha nazo zikhale zomveka: mankhwala a miyezi itatu kwa yemwe BP yake yakhazikika, tsiku la kiliniki ya okalamba, chikwangwani cha m'Chichewa pakhoma chosonyeza mankhwala omwe alipo ndi omwe atha, komanso mpando wa okalamba pomwe mndandanda wa mankhwala ukuunikidwanso.

Mipingo yomwe ili ndi zipatala pansi pa Christian Health Association of Malawi (Cham), monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya, nayo ili ndi mawu. Mapangano omwe boma limachita ndi zipatala za Cham kuti anthu azilandira thandizo osalipira adayamba ndi amayi oyembekezera ndi ana. Funso loti okalamba odwala BP ndi shuga alowemo liti liyenera kufunsidwa mokweza.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero Achewa. Koma dambo likauma moto umadutsa. M'makomo ambiri a ku Kasungu ndi agogo omwe akulera ana amasiye komanso ana omwe makolo awo adapita ku Joni. Gogo mmodzi akagwa ndi sitiroko, ana anayi kapena asanu amagwa naye, ndipo mtsikana wamkulu ndi yemwe amasiya sukulu kuti azisamala wodwala.

Mwezi wathawu ndidaperekeza agogo kuchipatala. Titafika pawindo adatulutsa kabuku m'jumbo muja ndi dzanja lamanzere. Mnyamata wopereka mankhwala adati amlodipine alipo koma enawo atha. Kale agogo akadathokoza n'kutembenuka. Ulendo uno adatsamira pawindo.

"Bambo, atha liti? Nanga abwera liti? Mundilembere tsikulo m'bukumu, ndikaonetse a komiti."

Mnyamatayo adandiyang'ana, adayang'ananso agogo, kenako adatenga cholembera n'kulemba. Pambuyo pathu padali agogo ena asanu ndi awiri, aliyense ndi kabuku kake m'manja, ndipo wotsatira naye adafunsa funso lomwelo.